Mbiri ya Kolera: Poizoni Wotsegula Mpopi wa M'matumbo



Chaka cha 2022 sitinachiiwale. Mliri wa kolera unayamba ku Malawi m'mwezi wa Marichi, ndipo pa 14 Seputembala wodwala woyamba wa kuno ku Mozambique anapezeka m'boma lathu lino la Lago. Ambiri tinkafunsana kuti: munthu wadzuka bwinobwino m'mawa, nanga madzi onsewa akuchokera kuti mpaka maso kulowa m'kati dzuwa lisanalowe? Funsoli linasautsa madokotala kwa zaka zoposa 100.

Mu 1854 ku London, dokotala John Snow anaona kuti ambiri omwalira ankatunga madzi pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo. Apa panaoneka kuti kolera imayenda ndi madzi. Mu 1884 ku Calcutta, m'dziko la India, Robert Koch anapeza kachilombo kake, kopindika ngati mbedza. Koma chinadabwitsa anthu n'chakuti kachilomboka kamakhala m'matumbo mokha, sikalowa m'magazi. Nanga kamapha bwanji?

Yankho linabwera mu 1959 ndi dokotala wa ku India komweko, Sambhu Nath De. Iye anasefa madzi amene tizilombo tinakuliramo, tizilombo tonse n'kutsala, kenaka anathira madziwo m'matumbo a kalulu. Matumbowo anadzaza madzi tho! Ndiye kuti chopha munthu ndi poizoni amene kachilomboka kamatulutsa.

Mu 1978 akatswiri anamvetsa mmene poizoniyu amagwirira ntchito. Ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ili ndi timagawo tisanu timene timagwira khungu la m'kati mwa matumbo ngati zala za dzanja. Mbali yachiwiri imalowa m'kati. Mmenemo muli puloteni imene imagwira ntchito ngati chotsegulira mpopi: imatsegula pang'ono kuti mchere ndi madzi zituluke, kenaka n'kudzitseka yokha. Poizoni amadula kachidutswa ka chinthu china cha m'thupi mwathu momwemo, chotchedwa NAD, n'kukamata pa puloteniyo. Ikamatidwa chonchi singadzitsekenso. Mchere umatuluka osaleka, madzi n'kumautsatira. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita imodzi pa ola limodzi, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga.

Koma tamverani bwino apa. M'matumbo muli khomo lina limene poizoni salikhudza. Khomoli limalowetsa mchere pokhapokha ukabwera pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amalowera pomwepo. Mu 1971, kumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Bangaon, madiripi atatha, dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga. Poyamba ankamwalira anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse. Atayamba kumwa, chiwerengero chinatsika kufika pa anthu osakwana 4.

Choncho wina akayamba kutsegula m'mimba, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi ya SRO, imene abale athu a ku Likoma amati ORS, mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Certeza. Ngati paketi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osadzaza mpaka pamwamba. Azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, azimwanso m'njira, kaya m'bwato kaya panjinga, mpaka mukafike kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Ndikupempheninso, makolo anga: mawu akuti kloro ndi kolera amamveka ofanana, koma kloro ndi amene amapha kachilomboka m'madzi. Tikabwera nawo pachitsime panu, tilandireni. Poizoni wa kolera amatha mphamvu pakapita masiku ochepa, matumbo n'kuchira. Ntchito yathu ndi kusunga madzi m'thupi la wodwala mpaka tsiku limenelo.