Malinga a Konkire Amene Anasanduka Nyumba za Mbiri

Ana inu ndi aphunzitsi anu, lero tichoka pang'ono kuno ku Kafue, tipite ku Ulaya kukaona malinga. Liwu lakuti linga si lachilendo kwa ife. Kale Achewa ndi Ansenga ankazinga midzi yao ndi mitengo ndi dothi poopa nkhondo ya Angoni. Atsamunda naonso anamanga ao, ndipo n'chifukwa chake Chipata ankatchedwa Fort Jameson, Mansa nakhala Fort Rosebery.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, inapha asilikali a dziko la France opitirira miliyoni imodzi. Anthu otsala sanafune kuonanso zotere. Nduna ya zankhondo, André Maginot, amene iye mwini anavulala pa nkhondo ija, anapempha boma kuti limange malinga m'malire a France ndi Germany. Nyumba ya malamulo inavomera ndalama zake mu 1930. Maginot anamwalira mu 1932 ntchito isanathe, koma malingawo anatenga dzina lake: Maginot Line.

Musaganize za khoma limodzi lalitali. Anali malinga ambiri ondandalika, ndipo mbali yaikulu ya linga lililonse inali pansi pa nthaka. Pamwamba pankangooneka timitu tachitsulo tobisamo mizinga, totha kutuluka, kuombera ndi kubwereranso pansi. M'malo ena konkire inali yochindikala mamita atatu ndi theka. Linga la Hackenberg linali ndi njira zapansi zokwana pafupifupi makilomita 10, mtunda umene inu mungayende maola awiri. Munkakhala asilikali pafupifupi 1,000. Munali mophikira, chipatala, makina opangira magetsi, ndiponso kasitima kamagetsi konyamula zipolopolo.

Nanga nkhondo itafika zinatha bwanji? Pa 10 May 1940 Germany anayamba kuukira, koma gulu lake lalikulu silinalunjike pa malingawo. Akasinja anadzera ku Belgium ndi Luxembourg, m'nkhalango ya mapiri yotchedwa Ardennes, imene akuluakulu a asilikali a France ankayesa kuti njovuta kupitamo. Anaoloka mtsinje wa Meuse pa Sedan, ndipo pa 14 June analowa mu Paris. Pa 22 June France anagonja. Malinga aakulu ambiri anali asanagwe, komabe asilikali ake analamulidwa kutuluka ndi kudzipereka.

Dziko la Czechoslovakia linaona zowawa zoposa. Linamanga malinga ake kuyambira 1935, koma pangano la ku Munich la September 1938 linapereka madera a m'malirewo kwa Hitler. Asilikali anachokamo osaomba nkhondo imene anaikonzekera.

Patapita zaka, magulu ankhondo analeka kuwafuna malinga ambiri, chinyezi ndi dzimbiri nizilowamo. Kugumula konkire yotere kukadadya ndalama zambiri. Tsono anthu odzipereka a m'midzi yoyandikana anayamba kusesa, kukonza makina ndi kusonkhanitsa mfuti, zovala ndi zithunzi. Hackenberg inatsegulidwa kwa alendo m'zaka za m'ma 1970. Lero Fermont ndi Schoenenbourg ku France, ndi Hanička ndi Bouda ku Czech Republic, ndi nyumba zosungiramo mbiri ya nkhondo. Ana a sukulu, ena ochokera ku Germany komwe, amatsika m'njira zapansi zija, naona pamene ankagona anyamata oyembekeza imfa.

Phunziro lake nali: linga limateteza malo okhawo pamene laima, ndipo mdani wanzeru amalambalala. Chimene chaletsa nkhondo pakati pa France ndi Germany chiyambire 1945 ndicho mapangano, malonda ndi kuyenderana.

Aphunzitsi, pa mapu a Ulaya sonyezani ana Ardennes ndi mtsinje wa Meuse. Ananu, kafunseni agogo anu ngati kumudzi kwanu kuli malo pamene panali linga, ndani analimanga, ndipo ankaopa yani. Mukalembe mayankho ao m'makope anu, pakuti malinga athu a mitengo anaola kale, ndipo chotsala ndi mau a akuluakuluwo.