Kodi ndalama ya "proof" ndi yotani?

Ambiri akaona ndalama yakale yasiliva ikunyezimira amathamangira kunena kuti ndi "proof", ena mpaka amaganiza kuti mawuwa akutanthauza kalata yotsimikiza kuti ndalamayo ndi yeniyeni. Ayi ndithu. Mawuwa ndi a Chingelezi, ndipo gwero lake ndi "probare" wa m'Chilatini, kutanthauza kuyesa. Kale osula ndalama ankayamba adinda zochepa chabe, kuti aone ngati chidindo chatsopano chikutulutsa bwino chithunzi. Lero "proof" ndi dzina la kapangidwe: chidindo amachipukuta mpaka kusalala, siliva nayenso amamukonza mwapadera, kenako amadinda mwamphamvu, nthawi zambiri kopitirira kamodzi. Pamalo ozungulira chithunzi pamawala ngati galasi, m'mphepete mumakhala mwakuthwa.

Tinene kuti muli m'sitolo ya ndalama zakale ku America, wogulitsa wakupatsirani dola ya Morgan ya 1878. Igwireni m'mbali, zala zisakhudze pamwamba, muiyang'ane ndi galasi lokuzira zinthu. Mukaona timizere tambirimbiri tokandika, dziwani kuti wina anangoikwecha kuti iwale, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa ndalamayo amakhala waiwononga. Ikakhala "proof" yeniyeni, funso lotsatira ndi la chidindo. Tembenuzani muwerenge nthenga za kumchira kwa chiwombankhanga chomwe chili kumbuyo kwake. Zidindo zoyamba za chaka chimenecho ku Philadelphia zinali ndi nthenga 8, kenako anazisintha n'kukhala 7, ndipo osonkhanitsa ndalama amagula mitundu iwiriyi pa mitengo yosiyana.