Thangata Weniweni: Mpira ndi Malangizo m'Malaini a ku Thyolo

Mbiri ya minda ya tiyi ya ku Thyolo imakonda kulembedwa ndi maina a eni minda. Timauzidwa kuti Henry Brown ndiye adadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, kuti mbewuyi idakwera ku Thyolo cha m'ma 1908, kuti Maclean Kay adatsegula Satemwa mu 1923, ndiponso kuti Mtaliyana wina, Conforzi, adasiya dzina lake pa minda ikuluikulu ya m'bomali. Zonsezi n'zoona ndithu. Koma tiyi sadzithyola yekha. Kuseri kwa maina monga Naming'omba, Makwasa, Nchima ndi Makandi kuli anthu zikwizikwi amene adakalambira pansi pa dengu, ndipo funso limene olemba mbiri salifunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi anthu amenewa, ochokera kosiyanasiyana, osadziwana, osauka, adakwanitsa bwanji kukhala ngati mudzi umodzi? Gawo lina la yankho lili pamalo pomwe ambiri sangaganizire, pabwalo la mpira ndi pambali pa wayilesi.

Tiyambe ndi mawu akuti thangata. Makolo athu akati kuthangata ankanena za kuthandizana: lero tilime kwa uje, mawa kwa uje, mwini munda aphike thobwa. Koma m'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston lidavomereza azungu kukhala eni malo aakulu a m'mapiri a Shire, ndipo anthu okhala pamalopo adasanduka alendo pa nthaka yomwe ankalima. Lendi yake inali ntchito. Ntchito yokakamizayo ndiyo idapatsidwa dzina lokoma lija, thangata. Pa nthawi yomweyo Alomwe ambiri anali kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique kuthawa misonkho ndi nkhanza za Apwitikizi, ndipo poti analibe malo awoawo, ndiwo adasenza goli limeneli kuposa ena. Tiyi atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1930, minda idakula, manja adafunika ambiri, ndipo malaini, nyumba zondandalikana za antchito, adadzaza. Thangata wa azunguyu adathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Koma m'zaka zonsezo thangata weniweni, uja wa makolo, sadafe. Adangosowa pokhala, n'kuyamba kufunafuna malo atsopano.

Taganizirani za mnyamata amene wangolembedwa kumene ntchito pa esiteti. Kumudzi, kwa Alomwe ndi Amang'anja omwe, munthu amadalira amalume ake. Ndiwo mwini mbumba, ndiwo amamva milandu, ndiwo amapereka mwambo. Kumalaini amalume kulibe. Nyumba ndi ya kampani, ntchito ikatha nayonso nyumba yatha. Woyandikana naye khomo mwina ndi Myao wa ku Chiradzulu, winayo Msena wa kuchigwa. Komabe mnyamatayo ali ndi zambiri zoti aphunzire msanga: kuthyola masamba awiri ndi kansonga popanda kuononga chitsamba, kuyang'anitsitsa sikelo pamene kalaliki akulemba makilogalamu, kudziwa kapitawo woyankhulika ndi wosayankhulika, kusunga kangachepe poyembekezera chilimwe pamene masamba achepa ndipo aganyu ambiri auzidwa kuti abwerere kwawo. Zoterezi sizilembedwa pa chikwangwani cha ofesi. Zimanenedwa ndi munthu amene wakuzolowera, ndipo kuti akuzolowere pafunika pokumana.

Pokumana panali pangapo. Panali tchalitchi, monga mishoni ya Malamulo ku Makwasa yomwe a Seventh Day Adventist adayamba kuyendetsa mu 1902. Panali gule wa tchopa, panali bawo pansi pa mtengo, panalinso mowa wa masese tsiku la malipiro. Koma chilichonse mwa izi chinali ndi mpanda wake. Tchalitchi chimasonkhanitsa a mpingo umodzi, tchopa ndi wa mtundu umodzi, ndipo pamowa wopemphera safikapo. Mpira wa miyendo, umene udalowa m'dziko muno kudzera m'sukulu za mishoni, ndiwo udalibe mpanda. Azungu anali ndi kalabu yawo ku boma la Thyolo, komwe ankasewera gofu ndi tenesi paokha. Antchito anali ndi kabwalo kosalazidwa m'mphepete mwa munda, zigoli za bulugamu, ndi mpira umodzi wosokedwasokedwa. Mabwana sankadana nawo masewerawa, pakuti monga zinalili m'migodi ya ku Copperbelt ndi ku Joni, ankaona kuti wantchito amene wathamanga Loweruka madzulo sakhala ndi nthawi yolingalira madandaulo. Chimene sadaone n'chakuti m'mphepete mwa bwalomo anthu ankayankhulana.

Kuyankhulana sikunali chinthu chapafupi ku Thyolo. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza udayatsa moto umene udali ukufuka kwa zaka zambiri chifukwa cha malo ndi thangata. Anthu adatseka misewu, adanyanyala ntchito, ndipo zipolowe zitafalikira m'maboma ena a kummwera anthu 11 adaphedwa. Kuchokera apo gulu lililonse la anthu akuda linkaonedwa ndi diso lokayika. Ufulu utabwera mu 1964 mantha adangosintha malaya. Dziko lidakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mpaka pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 munthu ankayeza mawu ake asanawatulutse, poti khoma linali ndi makutu ndipo a Youth League ankafunsa khadi pakhomo pa msika. M'nyengo yotereyi mpira ndiwo udatsala nkhani imene amuna khumi akadatha kukanganirana mokweza, kutsutsa woyimbira, kunyoza kochi, popanda wina kugona kupolisi. Kwa ambiri, kutsutsana poyera adakuphunzirira pamenepo.

Chimene chidakulitsa zonsezi ndi wayilesi. Mu 1949 kudabwera kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, komwe kankakoka mawu a Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Mu 1964 MBC idayamba ntchito, ndipo pambuyo pake mawayilesi a Nzeru, olumikizidwa ku Blantyre konkuno, adafika m'manja mwa anthu wamba. Ngakhale zinali choncho, si khomo lililonse la kumalaini lomwe linali ndi wayilesi. Mwini wayilesi, kaya ndi kalaliki kaya ndi dalaivala wa thirakitala, ankaitulutsa pakhonde, anzake n'kusonkherana ya mabatire. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti apirire mpaka mpira uthe. Apa mpamene anthu a ku Thyolo, ambiri mwa iwo asanapondepo pa Kamuzu Stadium, adagawikana pawiri: ena Manoma, otsata Wanderers ya malaya obiriwira ngati mtambo, ena Maule, otsata Bullets yofiira imene idabadwa mu 1967 ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika kuti Bata Bullets. Mu 1978, pamene timu ya dziko lino idagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha East and Central Africa, n'kuchitetezanso ku Kenya mu 1979, dzina la Kinnah Phiri lidalowa m'nyumba iliyonse. Pambuyo pake kudabwera maina ena, Young Chimodzi, Lawrence Waya, Ernest Mtawali, ndipo chikho chija chidabweranso mu 1988. Ana a kumalaini ankamanga mpira wa mapepala ndi luzi, aliyense n'kudzipatsa dzina la katswiri amene sadamuonepo nkhope.

Tsono malangizo ankalowa pati? Apa mpofunika kumvetsa mmene kagulu kotere kamayendera. Mpira uli ndi mphindi 90, koma anthu amafika msanga ndipo amachedwa kubalalika. Chachiwiri, kunyogodolana kwa masapota kumafafaniza maudindo. Kapitawo amene Lachisanu amakalipa kumunda, Lamulungu timu yake ikagonja amasekedwa ndi wothyola masamba, iye n'kumangoti pepani achimwene, tidzaonana ulendo wina. Munthu amene waseka nawe savuta kumufunsa chinthu. Motero pakati pa nkhani ya chigoli chokanidwa pamatuluka zina: kuti fakitale yakuti ikulemba anthu mvula ikagwa, kuti mwana wotentha thupi asamugoneke kudikira mawa, kuti wakatapila wakuti amalanda ndi ziwiya zomwe, kuti mnyamata amene wayamba kusowa kunyumba tsiku la malipiro akufunika kumukhazika pansi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga unkagwira ntchito popanda wina kuutchula. Anthu amene adazolowera kusonkherana ya mabatire sankavutika kuyamba chipereganyu, chakuti mwezi uno ndalama alandira uyu, mwezi wamawa winayo, kufikira aliyense atagula njinga kapena malata. Maliro akagwa, Noma ndi Ule ankanyamula bokosi limodzi, n'kusonkha yoti thupi likafike kumudzi.

Tisaiwale amayi, pakuti nawonso amathyola tiyi. Pakhonde la wayilesi sankakhalapo kwenikweni. Nthawi imeneyo anali pamoto kapena kumjigo. Koma anali ndi mabwalo awo. Pamzere wothyola, podikira sikelo, pochapa, mpamene mtsikana wongofika kumene ankauzidwa za mwamuna waudindo amene amalonjeza ntchito posinthana ndi thupi, ndi za mayi wachikulire amene angamuthawire zikavuta. Nawonso masewera anali nawo. Mpira wa manja udazika mizu m'sukulu za pulayimale, ndipo pamene ma Queens a Mary Waya adakhala pa nambala 5 pa dziko lonse ku Auckland mu 2007, amuna amene ankati ntchemberembaye ndi masewera a ana adayamba kutchera khutu. Banki m'khonde imene yafala m'midzi ya ku Thyolo m'zaka za posachedwapa, yomwe ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, idapeza nthaka yolimalima kale.

Mphamvu ya timagulu totere idaoneka bwino pa nthawi ya mliri wa Edzi. Thyolo ndi limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maliro adachuluka mwakuti ena ankasowa wowakumbira manda. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito m'bomali mu 1997, ndipo mu 2003 mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa. Vuto lidatsala mtunda: wantchito wolipidwa pa kilogalamu akapita kuchipatala, tsiku limenelo wagona ndi njala. Mu 2012 ku Thyolo kudayambika timagulu ta anthu osaposa 6 omwa mankhwalawa, potengera nzeru imene idayambira ku Tete mu 2008. Mmodzi amapita kukatengera anzake onse, ulendo wotsatira n'kupita wina. Akatswiri a zaumoyo adalemba za njirayi ngati chinthu chatsopano. Kwa munthu wa kumalaini chinali chipereganyu chomwe chija, chinali kusonkherana ya mabatire komwe kuja, kungoti tsopano chosonkheranacho chinali ulendo.

Zinthu zasintha, ndipo sizikadalephera kusintha. Wayilesi ya kanema ya dziko lino idatsegulidwa mu 1999, ndipo m'misika monga Bvumbwe, Luchenza, Goliati ndi Thekerani mudabuka tinyumba toonetsa mpira wa ku Ulaya. Mdzukulu wa Noma lero ndi wa Arsenal kapena Manchester United. Komabe chimwemwe chachikulu chimabwera ndi zakwathu: Bakili Bullets itafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004, Flames itathambitsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ndi pamene Gabadinho Mhango adaponya chigoli chakutali chija kwa Morocco mu Januwale 2022. Nawo madandaulo a antchito adapeza khomo lolowera, pakuti mu 2016 bungwe la antchito a m'minda la PAWU lidasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la eni minda ya tiyi. Izi n'zabwino. Koma pali china chodetsa nkhawa. Foni yam'manja yachititsa kuti munthu amve mpira ali yekha, zomvera zili m'khutu, ndipo kubetcha kwasandutsa sapota kukhala wamalonda. Wobetcha sasamala kuti wapambana ndani, bola pepala lake lidye. Akaluza saseka ndi anzake. Amabisa, n'kukagogoda kwa wakatapila. Masewera amene ankateteza malipiro a munthu kudzera m'malangizo a anzake, tsopano ndi omwe akumeza malipirowo.

Sitikunena kuti kale zonse zinali bwino. Kumalaini kunali umphawi, ndewu ndi miseche, ndipo mpira sudakwezepo malipiro a munthu ngakhale ndi tambala imodzi. Nkhani ya malo imene idayatsa moto wa 1953 ikadali yosatha ku Thyolo. Koma pamene namondwe Freddy adakokolola nyumba ndi minda m'maboma a kummwera mu Malichi 2023, oyamba kufukula anzawo m'matope sanali a mabungwe ochokera kutali. Anali oyandikana nawo, anthu odziwana maina, ozolowerana. Kuzolowerana kotero sikugwa kumwamba ngati mvula. Kumamangidwa pang'onopang'ono, pa zinthu zooneka zachabechabe monga kukangana ngati mpira udadutsa mzere kapena ayi.

Agogo amene adamvera fainolo ya 1978 pakhonde la mnzawo akutha mmodzimmodzi. M'mabuku a makampani mudalembedwa makilogalamu amene adathyola, koma simudalembedwe amene adawalangiza, amene adawabwereka ndalama ya sukulu ya mwana, kapena amene adawaperekeza kumanda. Ntchito imeneyo yatsalira ife olemba Chichewa, ndipo ndi yofunika changu, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.