Kulinganiza chakudya cha pabanja

Kulinganiza chakudya ndi kukonzeratu zimene banja lidzadye pa tsiku, pa sabata kapena pa nyengo yonse, poyang'ana zosowa za thupi, ndalama zimene zilipo ndi zakudya zopezeka m'deralo. Cholinga chake n'chakuti anthu azidya zakudya zakasinthasintha, osati kungokhuta.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya

Ku Malawi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amagawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi. Gulu loyamba ndi la zokhutitsa, monga nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata. Lachiwiri ndi la zochokera ku nyama, monga mazira, mkaka, usipa, matemba, ngumbi ndi mbewa. Lachitatu ndi la nyemba, ndipo m'gululi muli nandolo, khobwe, soya, nzama ndi mtedza. Magulu ena atatu ndi ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta monga mafuta ophikira ndi mapeyala. Munthu amayenera kudya kuchokera m'magulu onsewa tsiku lililonse, ngakhale kuti onse sangapezeke m'mbale imodzi.

Kufunika kwake

M'mabanja ambiri nsima ndiyo imatenga gawo lalikulu la chakudya, ndiwo n'kukhala zochepa. Chimanga chimapatsa mphamvu, koma pachokha sichikwaniritsa zonse zimene thupi limafuna kuti likule ndi kudziteteza ku matenda. Kafukufuku wa zaumoyo amene boma linachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mu 2010 chiwerengerochi chinali 47. Kupinimbira kumayamba kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pathupi kufika pamene mwana wakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumasokoneza kakulidwe ka thupi ndi ka ubongo.

Banja lokonzeratu chakudya limathanso kuphatikiza zakudya zimene zimathandizana m'thupi. Nyemba zimapereka zomanga thupi zimene zimaperewera mu chimanga. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono m'nkhwani ndi bonongwe zimathandiza thupi kulandira vitamini A. Zipatso za vitamini C, monga magwafa, malambe ndi malalanje, zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, pamene tiyi womwera pachakudya amachepetsa ayironi amene thupi limatenga. Ufa wa mgaiwa uli ndi michere yambiri kuposa ufa woyera chifukwa sunachotsedwe gaga.

Phindu lina lili pa ndalama ndi thanzi la akuluakulu. Wopita kumsika akudziwa chimene akufuna sagula zinthu zoti zikaonongeke kunyumba. Odwala shuga ndi a vuto la kuthamanga kwa magazi amatha kuchepetsa shuga, mchere ndi zokazinga akakonzeratu zakudya zawo, kusiyana ndi kudalira zogula m'njira.

Kutsata nyengo

Kumidzi dongosolo la chakudya limayendera nyengo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi chimanga chimakhala chatha m'nkhokwe zambiri ndipo mtengo wake umakwera, koma masamba monga chisoso, luni ndi khwanya amapezeka ochuluka. M'chilimwe masamba amasowa. N'chifukwa chake amayi akhala akufutsa masamba ndi kusunga mfutso m'zikwatu kuyambira kalekale. Kusiyako nyemba ndi mtedza pokolola m'malo mogulitsa zonse, kulima dimba ndi kuweta nkhuku ndi njira zina zotsekera mipata imeneyi.

Ana ndi amayi

Mwana amayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akayamba kudya, phala lake lisakhale lamadzimadzi, ndipo lithiridwe nsinjiro, dzira, masamba osinja kapena usipa wopera. Popeza mimba ya mwana ndi yaing'ono, amafunika kudya kangapo pa tsiku, ndipo kumupatsa mbale yakeyake kumathandiza kholo kuona kuchuluka kwa zimene wadya. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amafunika chakudya choonjezera, komanso mchere wa ayodini umene umateteza ku chithokomiro.