Mtsikana tinkamulanga, mnyamata ankangokula yekha

Lero za feteleza ndi mtengo wa soya tizisiye kaye. Ndikufuna tikumbutsane mbiri ya mmene ana athu akhala akukonzedwera kukula, kuyambira nthawi ya agogo athu kufika lero. Ndikunena ana a zaka 10 mpaka 14, aja timawayesa makanda pomwe thupi layamba kale kusintha. Mukaiona bwino mbiriyi, mtsikana ndi mnyamata sanayendepo njira imodzi.

Kale mtsikana ankagona kukuka, pafupi ndi agogo ake aakazi. Akangotha msinkhu, nkhani inkafika msanga kwa namkungwi, ndipo ankamupezera phungu. Kuchinamwali ankamuphunzitsa kudzisamalira akakhala kumwezi, kulemekeza akulu ndi apongozi, ndiponso zoti masiku amenewo asathire mchere m'ndiwo kuopa kudula anthu, aja timati mdulo kapena tsempho. Zambiri zinali zabwino ndithu. Koma malangizo ena anali a m'banja, ndiye mwana wa zaka 12 ankatuluka kumeneko akudziona ngati mayi woyembekezera mwamuna. M'madera ena munalinso kusasa fumbi ndi afisi, miyambo imene inapweteka ana aakazi ambiri.

Mnyamata ankagona kumphala ndi anzake. Kuno kwa Achewa ankapita kudambwe, kwa anzathu Achiyao ankapita kujando. Ankaphunzira ulemu, kulimba mtima ndi kusunga chinsinsi. Koma wamkulu woti akhale naye pansi nkumuuza kuti thupi lako tsopano likhoza kupereka mimba, ndipo mimbayo ndi katundu wako, ankasowa. Abambo ambiri anali ku Wenela kapena ku Halale kukagwira ntchito. Zotsalazo mnyamata ankazitola kubusa, kwa anzake osadziwanso kanthu.

Nthawi ya a Kamuzu Banda, imene ife tinkaphunzira pulaimale, za kulera sizinkaloledwa, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamene boma linavomera zoti ana azibadwa motalikirana. Apo nkuti nkhaniyo ili ya amayi apabanja okha. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Koma lamulo lopweteka kwambiri linali la kusukulu. Mtsikana akapezeka ndi mimba, sukulu yathera pomwepo, osabwereranso. Mnyamata wopereka mimbayo nthawi zambiri ankangokana, nkukalemba mayeso a Sitandade 8 bwinobwino. Funsani anzanga a msinkhu wanga, aliyense akutchulirani mtsikana wanzeru wa m'kalasi mwake amene anathera pakhasu chifukwa cha zimenezi.

Kenako kunabwera Edzi. Munthu woyamba kupezeka nayo m'Malawi muno anali mu 1985. Pofika zaka za m'ma 1990 maliro anali mlungu ndi mlungu, makasu a adzukulu osapuma. Apanso atsikana ndiwo ankatenga kachilombo adakali aang'ono kuposa anyamata anzawo, chifukwa amene ankawanyengerera ndi sopo ndi ndalama anali amuna akuluakulu. Matendawa ndiwo anatikakamiza kutsegula pakamwa pa nkhani zimene kale zinali zolaula. Mafumu ndi anamkungwi ambiri anayamba kuchotsa afisi ndi kusasa fumbi. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, anthu nkuyamba kudzuka pamphasa.

Malamulo nawo anayamba kusintha. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Mu 1994 a Bakili Muluzi anabweretsa pulaimale yaulere, makalasi anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loti munthu akwatire kapena kukwatiwa atakwana zaka 18. Koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera, mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anatseka mpata umenewo mu 2017. Ku Dedza, a Senior Chief Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nkuimitsa mafumu aang'ono amene ankawavomereza. Mu 2019 atsikana a zaka 9 anayamba kulandira katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero.

Tinkaona ngati tafika, koma korona inatiulula. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 kwa miyezi ingapo, mimba za ana ndi maukwati zinabuka ngati bowa wa mvula yoyamba. Zinaonetsa kuti amene ankatisungira ana ndi aphunzitsi, kunyumba kuno malangizo anali atazilala. Kuka kunatha, mphala inatha, agogo ambiri anapita, ndipo m'malo mwawo simunalowe kanthu.

Tsono taonani mmene zilili lero. Mtsikana akayamba kusamba, vuto lake limaoneka ndi maso. Alibe mapadi, kusukulu chimbudzi chilibe chitseko, madzi kulibe, anyamata akumuseka, ndiye amajomba masiku angapo mwezi uliwonse. Akatenga mimba ali ndi zaka 13, mafupa a m'chiuno amakhala asanakhwime, mwana amavuta kutuluka. Ena amamwalira, ena amatsala ndi fistula, matenda odontha mkodzo aja amakakonza ku Bwaila ku Lilongwe. Manyazi ndi mlandu zonse zimagwera iye.

Vuto la mnyamata silioneka msanga. Mawu akayamba kunenepa, kapena akadzilotera usiku, safunsa munthu. Sukulu yake ndi mavidiyosho apamsika ndi mafoni a anzake. Kumeneko amaphunzira kuti mwamuna weniweni ndi wa zibwenzi zambiri, ndipo mtsikana akati ayi ndiye kuti akunyada chabe. Akatenga matenda amabisa, kuchipatala sapita. Ena amasiya sukulu nkuyamba ganyu, kabaza ndi kachasu adakali ana. Mabungwe akabwera kumudzi amaitana atsikana, ndipo nkoyenera, koma mnyamata amasuzumira pawindo.

Mbiri yonseyi ikundiuza chinthu chimodzi. Zaka zonsezi takhala tikumanga mpanda kuzungulira mtsikana, koma wothyola mpandayo sitinamulangize. Malamulo ali bwino papepala, koma Nyumba ya Malamulo singabwere kudzakhala pakhonde ndi mwana wanu wamwamuna.

Ndiye inu abambo anzanga ndi atsibweni, ntchito iyi ndi yathu. Mnyamata akafika Sitandade 5 kapena 6, mutengeni popita kudimba, mumuuze za thupi lake mosabisa, mumuuze kuti ayi wa mtsikana ndi ayi, ndiponso kuti mimba ili ndi eni ake awiri. Amayi ndi anamkungwi, mwana mumuuze za kumwezi zisanamufike, asadzadzidzimuke ali m'kalasi, koma za m'banja zidikire nthawi yake. Inu a m'tauni, potumiza ya feteleza onjezerani kangachepe ka mapadi ndi makope a adzukulu anu. Ndipo a mfumu, pamsonkhano ukubwerawu nkhaniyi tiikambe amuna ndi akazi tili pamodzi.