Positikhadi ya tiyi ndi zimene inkabisa

Masiku ano wamalonda akafuna kutsatsa katundu wake amangoponya chithunzi pa WhatsApp. Zaka 120 zapitazo ntchitoyi inkagwiridwa ndi positikhadi, kakhadi kolimba kokhala ndi chithunzi kutsogolo ndi malo a sitampa kumbuyo. Ine ndimati kakhadika ndi umboni wa mbiri yathu, koma ndi mboni yokondera.

Positikhadi yoyamba inatuluka ku Austria-Hungary mu 1869. Ku Britain boma linalola makampani kusindikiza zawozawo mu 1894, ndipo kuyambira mu 1902 uthenga ndi adiresi zinayamba kulembedwa kumbuyo, kutsogolo konse kukhala kwa chithunzi. Amalonda sanachedwe kuona mwayi. Kampani ya Lipton inasindikiza makhadi oonetsa minda yake ya tiyi ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Wogula khadi ankalipiranso sitampa, n'kufalitsa dzina la kampani ndi ndalama zake zomwe. Kuno kwathu African Lakes Corporation, imene makolo athu ankaitcha Mandala, inkagulitsa makhadi a zithunzi za Nyasaland.

Nthawi yomweyi ndi imene tiyi ankazika mizu kuno. Henry Brown anamudzala ku Mulanje mu 1891, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo, komwe Maclean Kay anatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923. Njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pa Luchenza. Sitima imene inkatsitsa mabokosi a tiyi kupita kunyanja ndi yomwenso inkanyamula matumba a makalata. Katundu ndi chithunzi chake zinkayenda ulendo umodzi.

Tsono funso langa ndi ili: wolandira khadi ku London kapena ku Glasgow ankaona chiyani? Ankaona mizere yoongoka ya tiyi, phiri kumbuyo, ndi othyola masamba atabereka madengu, opanda mayina. Sankaona thangata, dongosolo limene linkakakamiza anthu okhala pa malo a azungu kugwira ntchito m'malo mwa lendi. Ambiri mwa iwo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique. Sankaonanso msonkho wa nyumba umene unkathamangitsira amuna ku maesiteti. Mkwiyo womwewu ndi umene unaphulika ku Magomero mu 1915 pa nthawi ya John Chilembwe, ndi ku Thyolo mu 1953. Thangata anathetsedwa mu 1962.

Ena anganene kuti otsatsa malonda sanalembedwe ntchito yophunzitsa mbiri. Nzoona. Koma makhadiwa ndi amene anapulumuka, ndipo lero akugulitsidwa pa intaneti ngati chithunzi chenicheni cha Nyasaland, pamene mawu a othyola tiyi aja sanalembedwe. Tikamawagwiritsa ntchito m'kafukufuku wathu, anzanga, tizifunsa kuti anajambula ndani, analipira ndani, ndipo ndani anauzidwa kuti aime pamenepo osasuntha. Mayankho ena akadali m'mitu ya agogo a ku Luchenza, ndipo agogowo sadzatidikira mpaka kalekale.