Pamene Buluku Lidali Mlandu

Achinyamata anzanga, atsikana athu lero amachoka pa Likhubula kupita ku msika wa Chitakale atavala buluku, popanda wowafunsa. Agogo awo akadatero, akadagwidwa. M'chaka cha 1973, boma la Dr Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala buluku kapena siketi yolekeza m'mwamba mwa maondo pagulu. Amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Nsalu yolemekezeka idali ya nkhope ya Ngwazi, imene mbumba inkavina nayo, ofuna ndi osafuna omwe.

Lamuloli lidathetsedwa mu 1993, patatha chaka chitulukireni kalata ya aepiskopi ya pa 8 Marichi 1992. Chomvetsa chisoni n'chakuti mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe ndi Blantyre adavulabe amayi ovala mabuluku mumsewu, masanasana.